A Harawa ndi Njira Yawo ya Miyala

Mwezi uno wa Meyi, a Harawa akanakhala moyo, bwenzi mudzi wonse ukununkha phula. Chatha chaka chiwaikire m'manda, ndipo ndabwera kuno ku Rumphi kudzaona chiliza chimene ana awo awamangira. Ndafikira kwa aphunzitsi anzanga, pafupi ndi nyumba imene ndinakhalamo zaka zambiri ndisanapume ntchito n'kubwerera kwathu ku Dedza.

A Harawa anali mmisiri wa miyala. Ali mnyamata anagwira ntchito ya misewu ndi milatho, anazungulira nayo mpaka kumwera, ndipo Chichewa anachitola kumeneko. Ankachiyankhula mokweza ndi kutsitsa mawu ngati akuimba, n'kumathiramo mawu a Chitumbuka monga "chomene" ndi "yewo" paliponse. Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, ndipo ankayenda maso ali pansi. Nditangofika ndinkayesa ndi munthu wonyada, chifukwa ukawapatsa moni ankayankha osakuyang'ana. Kenako ndinazindikira kuti ankayang'ana njira.

Nyumba yawo ili pamwamba pa chitunda, tchalitchi chili m'munsi, pakati pali nyumba za aphunzitsi. Dera lake ndi la kumtunda, njira yopita ku Nyika, ndipo dothi lake ndi katondo woterera mvula ikangogwa. Akazi awo, aNyaMhango, anadwala matenda ofa ziwalo ine ndisanafike. Anachira, koma mwendo wamanzere unatsala wolemera. Phazi silinkanyamuka, ankangolikoka pansi, khwee, khwee, ndodo ili kudzanja lamanja. Koma makani ake mayi ameneyu! Kuwakweza pa njinga ankakana, kuwagwira mkono ankakananso. Ankati ku nyumba ya Mulungu munthu amapita ndi miyendo yake, kunyamulidwa kuli ndi tsiku lake. Ndiye a Harawa anaswa miyala m'phiri n'kuyala njira kuchokera pakhomo pawo mpaka pakhomo la tchalitchi, yopanda masitepe, yokhotakhota kuti isatsetsereke kwambiri. Phazi lokokedwa silifuna zambiri kuti mwini wake agwe. Mwala umodzi ukangotukuka pang'ono, kutalika kwa chikhadabo, basi. Zaka zonse zimene ndinawadziwa a Harawa zinathera pa kuonetsetsa kuti mwala usatukuke.

Miyalayo anaimanga ndi simenti m'zigawozigawo, koma pakati pa chigawo ndi chinzake anasiya mpata wopingasa njira, woti chala n'kulowamo. Nzeru imeneyi anaiona pa milatho. Ankafotokoza kuti mwala umafufuma ndi dzuwa la Okutobala n'kukhwinyata ndi chisanu cha Juni, ndiye ukaumana pofutukukira umakankhana ndi unzake mpaka wina kutukuka. Koma mpata wosiyidwa pululu ndi woipanso. Mumalowa dothi, mumamera udzu, ndipo chisanu chikafika penipeni madzi otsalira m'mpatamo amauma gwa n'kumakankha miyala. Ine wa ku Dedza ndinkati kuzizira ndimakudziwa. Ndinaleka kudzitama m'mawa umene ndinapeza madzi a m'beseni ali ngati galasi.

Choncho chaka ndi chaka, mvula ikatha, chisanu chisanafike, a Harawa ankamata mipatayo. Ankayamba ndi kukokota phula lakale ndi chitsulo chopindika kunsonga, n'kusesa ndi kaburashi, kenako n'kuisiya masiku angapo kuti iume mpaka pansi. Ikauma ankakanikizamo chingwe chakutha cha khonje, pamwamba pake n'kuthira phula losungunula. Chothirira chake chinali ketulo yakale ya tiyi, chifukwa kakamwa kake kankalunjika bwino mumpata. Pomaliza ankawaza mchenga wosefa kuti phula lisamate nsapato za anthu, n'kugwada, n'kusisita pamwamba ndi chikhatho. Phulalo sankagula. Akamva kuti kwinakwake akukonza msewu, kaya ndi pa Boma kaya ndi ku Chiweta, ankakwera matola kukapempha zotsalira pansi pa migolo. Ankabwera nazo m'thumba, zibuluma zakuda zouma, ali mweee ngati wagula ng'ombe.

Ntchito yothira inali ya anthu awiri. Mphepo ya ku Nyika siichedwa kuumitsa phula, ndiye wina ankayenera kukhala pamoto, kuvundula m'chitini ndi kudzaza ketulo, winayo akuthira. Wa pamoto anali aNyaMhango. Ankawaikira kampando m'mbali mwa njira, iwo n'kukhala pamenepo, chitenje chokutira kumphuno, akutakasa ndi ndodo ya nsungwi. Mbaula ndi kampando zinkasuntha pang'onopang'ono kutsika chitunda. Ankakangana tsiku lonse m'Chitumbuka, wina akuti phula lapsa, wina akuti silinapse, koma ketulo sinkafika yozizira.

Ine ndi a Harawa tinadziwana pokangana. Chaka changa choyamba, m'mawa wina wa Meyi, ndinatsuka mbale n'kukhuthula madzi panja, monga amachitira munthu aliyense wamoyo. Madziwo anayenderera mpaka m'njira n'kulowa m'mipata iwiri imene inali ikuuma. Abale inu! Bamboyo anafika pakhomo panga ndi chitsulo chake chija m'manja.

"Asambizgi," ndimo mmene ankanditchulira, kutanthauza aphunzitsi, "kwanu ku Dedza madzi mumatayira m'njira ya anthu?"

"Kwathu ku Dedza munthu amayamba wapereka moni," ndinatero.

"Monile. Madzi mumatayira m'njira ya anthu?"

Ndinawayankha kuti njira si chipinda chawo chogona, ndipo ngati ikuopa madzi aifunditse bulangete. Sanakwiye. Anangondiitana kuti ndibwere, anagwada, analowetsa chala mumpata n'kuchitulutsa chili chonyowa, n'kundionetsa. Anati phula siligwira pa mwala wonyowa, limangokhala pamwamba ngati nkhanambo, chisanu chikabwera limasupuka. Kenako analoza kumtunda, kumene aNyaMhango anali kusesa pakhomo akukoka phazi lawo. Ndinachita manyazi, koma sindinawaonetse. Madzulo ake anabwera ndi khasu n'kundikumbira kangalande kuseri kwa nyumba, osandifunsa n'komwe ngati ndikukafuna.

Sindinali ndekha wokangana nawo. Ankadana ndi mbuzi, chifukwa ziboda zake zinkaboola phula lisanaume. Ankadana ndi ana a sukulu amene ankatsina phula n'kumatafuna ngati chingamu, mano n'kuda bii. Koma adani awo enieni anali nsapato za gogoda. Tsiku la ukwati ankaima pamwamba pa njira n'kumauza atsikana ochokera ku Mzuzu kuti avule nsapato kapena adzere m'udzu. Ena ankavuladi. Ena ankawatukwana chamumtima n'kudutsa, ndipo Lolemba lake umawapeza a Harawa atagwada, akutseka timabowo ndi mpeni wotenthetsa, akung'ung'udza kuti munthu woyenda pa misomali sangakhale ndi nzeru zokwanira.

Sanali munthu wosavuta, ndisakunamizeni. Mumpingo anakana udindo uliwonse, koma pa msonkhano ankayankhula kuposa okhala ndi maudindo. Sankadziwa kupepesa. Akakulakwira ankakubweretsera mapichesi kapena kukukonzera chitseko, iwe uzidziwira wekha kuti kumeneko ndiko kupepesa. Ndikudziwa tsiku limodzi lokha limene anapepesa ndi pakamwa, ndifikako.

Maliro awo anali chaka chatha. Anamwalira mipata atakokota kale theka, chingwe chili chokulunga pakhonde. Chinali chibayo, cha masiku ochepa. Ine ndinamva pa foni n'kukwera basi tsiku lomwelo. Bokosi linayenera kutsika kuchokera kunyumba kupita ku tchalitchi, ndipo mwana wawo wamkazi, Tiwonge, amene ndi namwino ku Mzuzu, anakonza galimoto yoti itenge mayi ake kuzungulira ku msewu. ANyaMhango anangoyang'ana galimotoyo n'kutenga ndodo yawo. Amayi a mpingo anathamangira kuti awagwire mbali zonse, monga timachitira ndi namfedwa.

"Ndilekeni," anatero. "Wonyamulidwa lero ndi mmodzi."

Anatsika okha pambuyo pa bokosi. Onyamula anachepetsa liwiro, nyimbo nayo inachita kukokeka, khamu lonse likuyenda mayendedwe a mayi mmodzi. Ine ndinali pambuyo pawo, mtima uli m'mwamba pa mpata uliwonse wokokota. Sanapunthwe. Atafika pakhomo la tchalitchi anaima, anapuma, n'kulowa. Ndinalira kwambiri pamenepo kuposa kumanda.

Koma nkhani imene anthu a kuno amaikumbuka akamatchula a Harawa ndi ya simenti ya a Mhango.

A Mhango anali mlongo wawo wa aNyaMhango, ndiye kuti mlamu wawo wa a Harawa. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, munthu wa tayi ngakhale popita kudimba. A Mhango ankamukonda kwambiri mlongo wawoyo. Alamu awiriwa sankadana, koma sankamwerana madzi kwenikweni, poti aliyense ankaona kuti mnzakeyo amadziyesa wodziwa zonse. Ndipo onse ankanena zoona.

Chinali chaka china cha chisankho. Paja masiku a kampeni zinthu zimagwa ngati mana, ndiye munthu wina wofuna uphungu anapereka matumba a simenti ku tchalitchi. Anakonza khonde, simenti n'kutsalako. Nthawi yomweyo a Harawa anaitanidwa ku chipatala cha pa Boma kuti akawachotse ng'ala m'diso. Anapita mipata ataikokota kale, ili pululu, ikuuma. Ankaganiza kuti agona masiku awiri, koma kumeneko anawasunga kupitirira sabata.

A Mhango ankadutsa m'njiramo tsiku ndi tsiku n'kumaona mipata ili yasa, chisanu chikuyandikira, mlamu wawo kulibe. Anaganizanso za utsi wa phula umene mlongo wawo ankapuma chaka chilichonse. Anati bwanji tingothana nazo kamodzi n'kamodzi. Anasonkhanitsa achinyamata a mpingo Loweruka, anakandira simenti, n'kutseka mpata uliwonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, kusalaza bwinobwino. ANyaMhango anayesa kuwaletsa, koma a Mhango anauza mlongo wawoyo kuti, "Adumbu, khalani pansi mupume, tikuwapeputsira ntchito alamu." Kunena zoona njirayo inakongola. Ngakhale ine ndinayamikira. Paja amati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsayo anachita zonse ndi mtima wabwino, ndipo kupatula aNyaMhango, palibe aliyense wa ife amene anamuuza kuti adikire mwini wake.

A Harawa anatsika matola Lachinayi masana, diso limodzi lili lomata ndi thonje. Adokotala anali atawauza kuti asawerame, asanyamule cholemera, asayandikire fumbi. Anafika pakhomo la tchalitchi, pamene njira imayambira, n'kuima chilili. Ndinali pakhonde panga, ndinawaona. Anakwera chitunda osapatsa aliyense moni. Posakhalitsa anatsikanso ndi tchizulo ndi hamala.

A Mhango anabwera akuthamanga, tayi ikuuluka.

"Alamu, mukuchita chiyani? Simenti yabwinobwino imeneyi!"

"Ndani anakutumani?"

"Palibe anandituma. Ndi mlongo wanga amene amayenda apa."

"Mlongo wanu, inde. Nanga zaka zonsezi amayenda pa mutu panu?"

"Dikirani kaye chisanu chidutse, tione ngati ing'ambike. Mukayamba kuswa lero mumaliza liti? Lamulungu ndi Mgonero."

A Mhango ananena zanzeru pamenepo, ndipo ine ndinaikirapo mlomo. Ndinati, "Adada, diso lanulo. Simenti siithawa, idikira." Anandiyang'ana ndi diso lotsalalo n'kundiuza kuti ndikaphunzitse ana. Anaswa Lachinayi mpaka dzuwa kulowa, Lachisanu lonse, Loweruka lonse. Gho, gho, gho, m'kalasi tinkachita kukuwa kuti ana amve. Simenti yatsopano inali itagwira m'mphepete mwa miyala, ndiye poichotsa tchizulo chinkabenthula miyala ina, ina n'kugwedezeka pamalo pake. Munthu wa maso awiri, wosapsa mtima, akanaona zimenezo. Loweruka madzulo anasesa zibenthu zonse, anayenda njira yonse, n'kukauza akazi awo kuti ili bwino, phula adzathira Lolemba.

Lamulungu m'mawa a Harawa anatsogola kukathandiza kukonza mabenchi. ANyaMhango anatsika pambuyo, atavala zoyera zawo za amayi a mpingo. Ndinali kukhoma chitseko changa pamene ndinamva khwee, khwee, kenako phokoso la ndodo ikugubuduzika pa miyala. Nditacheuka anali pansi chafufumimba. Pafupi ndi nyumba yanga panali mwala umene tchizulo chinausuntha, ngodya yake n'kudzuka pang'ono, ndipo phazi linakodwa pamenepo. Anagwera dzanja lamanja, lomwe la ndodo. Chibwano chinang'ambika, magazi ali chuchuchu pa bulauzi yoyera. Sanalire. Anangondiuza kuti, "Asambizgi, ndikhazikeni tsonga, anthu asandione chonchi."

Dzanjalo linathyoka pamfundo. Anapita nawo ku Boma pa galimoto ya abusa, ndipo anawanyamula anthu anayi kukawakweza. Chinawapweteka kwambiri ndi chimenecho, anandiuza okha pambuyo pake. Anabwerako ndi chikhakha. Popanda dzanja logwira ndodo sakanatha kuyenda ngakhale kupita kuseri, ndipo anakhala m'nyumba chisanu chonse.

A Harawa sanadye masiku awiri. Ankangokhala pakhonde, manja ali pakati pa mawondo. Palibe anawanena, ngakhale a Mhango, amene anali ndi mpata wonse wowanena. Koma mipata ya m'njira inali idakali pululu, Juni ali pakhomo, ndipo wa pamoto anali chigonere. Lachitatu anayesa okha. Ndinawaona akuthamanga pakati pa mbaula ndi mpata, ketulo m'manja, koma akamafika phula linali litayamba kale kulimba, likutuluka ngati phala la dzulo. Akabwerera ankapeza moto wazirala. Anayesa mpaka masana n'kukhala pansi m'mbali mwa njira.

Achinyamata analipo ambiri oti akanawathandiza, ngakhale ine ndinadzipereka. Anapukusa mutu. Anadzuka, anasamba m'manja ndi palafini, anavala jekete la ku tchalitchi, n'kundipempha kuti ndiwaperekeze kwa a Mhango. Ndinafunsa kuti ine ndikatani kumeneko. Anati pakufunika munthu woti adzachitire umboni, chifukwa sadzabwerezanso.

Tinawapeza a Mhango akuwerenga pakhonde. A Harawa anakana mpando. Anavula chipewa n'kunjuta pansi, bambo wa imvi, diso lili lomata.

"Alamu, mlongo wanu ndamugwetsa ndine. Simenti yanu sinamugwetse. Mundikhululukire."

A Mhango anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, kuwapukutabe.

"Chachiwiri," anapitiriza a Harawa, "ndikufuna munthu wa pamoto."

"Ine phula sindilidziwa."

"Ndikudziwa kuti simulidziwa. Mubwere mawa, tayi musiye kunyumba."

Anabweradi, tayi ali nayo. Ndi mmene a Mhango, munthu amene anakhala mphunzitsi wamkulu zaka zonse zija, anakhalira wotakasa phula. Tsiku loyamba anapsa chala, anakhetsa misozi ndi utsi, anakalipiridwa ngati mwana wa sitandade wani. Koma anali ndi mfundo imodzi imene anakana kugonja. Mpata womaliza, wa pakhomo penipeni pa tchalitchi, a Harawa anali asanaufike ndi tchizulo, ndipo a Mhango anati umenewo usiyidwe ndi simenti yake kuti nthawi iweruze. Pamalopo ndi pathyathyathya, ndiye a Harawa anavomera monyinyirika. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse akamaliza kumata, nkhalamba ziwirizi zinkagwada pakhomo la tchalitchi, matako m'mwamba, kuyang'ana simenti ija. A Harawa ankaloza kamzere n'kunena kuti nawu mng'alu. A Mhango ankati pamenepo tsache linangokanda. Anaitanapo abusa, anaitanapo ine. Ine ndinkati maso anga ndi a choko, za miyala sindiziona. Mlanduwo sunathe mpaka a Mhango anamwalira, zaka zitatu a Harawa asanatsatire.

ANyaMhango anayambanso kuyenda mwezi wa Seputembala chaka cha ngozi chija. Dzanja linapola mokhota pang'ono, lokwanira kugwira ndodo koma osati kunyamula chitini. Lamulungu loyamba a Harawa anafuna kuyenda pambali pawo. Mayiwo anawauza kuti atsogole monga mwa masiku onse, asawayang'anire ngati mwana wophunzira kuyenda. Bamboyo anatsogoladi, koma anakabisala kuseri kwa nyumba yanga, akusuzumira pangodya mpaka akazi awo atadutsa. Atandiona ndikuwaseka anati akuyang'ana ngati ngalande yanga ija sinatsekeke.

Chinasintha mwa iwo n'chochepa. Anapitiriza kukangana ndi mbuzi, ana ndi atsikana a gogoda. Koma sindinawaonenso akugwira chitsulo atapsa mtima. Wina akawaputa pa nthawi ya ntchito ankaika chida pansi, n'kupita kukakhala pansi pa mtengo mpaka mtima utatsika. Ankati dzanja la munthu wokwiya ndi lakhungu. A Mhango atamwalira, wa pamoto anakhala aliyense amene wapezeka, nthawi zina mlonda wa pasukulu, nthawi zina mkazi wa abusa. Onse ankakalipiridwa mofanana, ndipo onse ankauzidwa kuti malemu alamu ankatakasa bwino kuposa iwo. Mwini wake ali moyo sanamuuzepo zimenezo ngakhale kamodzi.

Maliro a a Harawa atatha, anthu a mpingo analonjeza kuti amaliza ntchito imene inatsala. Sindikuwanena, anayesadi. Koma zibuluma za phula zimene zinali m'thumba zinali zochepa, ndipo panalibe wodziwa kumene bamboyo ankakapempha. Amene anathira anathira mipata isanaume. Pofika Julaye aNyaMhango anali atapunthwa kawiri, ndipo Tiwonge anabwera kudzawatenga. Sindingamudzudzule mwanayo, inenso akanakhala mayi anga ndikanatero.

Pobwera kuno ndinaima ku Mzuzu kukawaona, poti ku chiliza adokotala anawaletsa kubwera chifukwa cha chifuwa. Kupatula chifuwacho ali bwino ndithu, akudya, ali ndi chipinda chawochawo. Lamulungu amapita ku tchalitchi pa galimoto, mpongozi wawo amawatsitsa pakhomo penipeni. Atandifotokozera zimenezi anandikoka mkono.

"Asambizgi, Tiwonge akuti kukatentha andiperekeza kumudzi ndikakhaleko mwezi. Ndikufuna ndikatsike ndekha kamodzi kokha, ndikadye Mgonero kwathu. Ana awa akandifunsa amangoti zonse zili bwino. Inu simunama. Mukandionere njira, mudzandiuze pobwerera."

Dzulo titachoka ku chiliza ndinakwera chitunda ndekha. Nyumba ndi yokhoma, makatani otseka. Pakhonde mbuzi zasandutsa pogona pake. Mipata ya kumtunda, imene bamboyo anakokota asanadwale, mwamera udzu wofika m'kakolo, ndipo mwina mwatuluka nyerere ndi dothi lake. M'munsimu, momwe anathira a mpingo, phula lasupuka n'kupindika m'mphepete, ana atsinatsina lotsalalo. Mvula ya chaka chino yakumba pansi pa chigawo china mpaka kusiya mphako. Anthu akudutsabe, ana a sukulu akuthamangamo osaona vuto lililonse, ndipo munthu wa miyendo iwiri yabwino angakuuzeni kuti njirayo ili bwino.

Ndinabwerera pakhomo pa nyumba, ndinathyola kandodo, n'kuyamba kutsika ndikukoka phazi lamanzere osalinyamula. Linakodwa ndisanatuluke n'komwe pabwalo. Ndinalinyamula, ndinapitiriza, linakodwanso pokhota poyamba. Sindinapitirire pamenepo.

Basi ya ku Dedza ndimakakwerera ku Mzuzu. Mawa ndidutsa kumeneko, ndipo aNyaMhango akundidikira.